Madesiki Makumi Anayi a kwa Chimutu

Madesiki makumi anayi si singano yoti munthu n'kuibisa m'thumba la malaya. Ivy Zefaniya anadziuza zimenezi katatu ali m'basi, ndipo potsika pamphambano ya kwa Chimutu, pakati pa Kadoma ndi Chegutu, anazilankhula mokweza mpaka kondakitala anamucheukira.

Linali Lachiwiri, mu Okutobala wa 1993, dzuwa likuswa mtengo. Ivy anali kalaliki wa komiti yoona za maphunziro ku khonsolo. Ntchito yake inali kulemba zimene makhansala alankhula, ndi kuzikonza kuti zimveke ngati zanzeru. Za ufufuzi sanaphunzire. Koma m'mawa umenewo wapampando wa komiti anamuitana n'kumuuza kuti, "Anthu a m'komboni aja akationa ife amasanduka osalankhula. Iwe ndi wawo, pita ukamve." Ivy anabadwira ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, ndipo zaka zonse zisanu zimene anagwira mu ofesimo palibe anakumbukirapo kuti makolo ake anachokera ku Malawi. Anakumbukira tsikulo chifukwa kunali kotentha ndipo kwa Chimutu n'kutali.

Nkhani yake inali yaifupi. Khonsolo inapereka madesiki atsopano ku sukulu ya pafamu ya kwa Chimutu mu Febuluwale, komiti inapita kukawaona, inawomba m'manja. Lolemba lapitali ana anapeza kalasi ili mbee. Mlandu unagwera mlonda, madala Obed, ndipo Lachisanu komiti inali yoti imupereke kupolisi ndi kumutulutsa m'nyumba ya sukulu. Ivy anali ndi masiku atatu.

Ahedi a sukuluyo, Mayi Tambudzai, anamulandirira pakhomo la kalasi lopanda kanthulo. Anali mayi wolankhula ngati akuthamangitsidwa, Chishona ndi Chichewa zili pamodzi.

"Onani nokha, sisi. Loko ndi uyu, sanathyoledwe. Mawindo ali ndi zitsulo. Ana akulembera pamaondo, mayeso a giredi seveni ndi sabata yamawa. Zvakaoma, zinthu zavuta! Ine Lolemba lomwelo ndinakwera basi, ndipo mwamwayi ndinakumana ndi wapampando pageti la khonsolo, ndinangowauza pomwepo."

"Makiyi a loko ameneyu ali ndi ndani?"

"Ine, ndi madala Obed."

"Awiri okha?"

Ahedi anakhala ngati apunthwa. "Wachitatu ali ku ofesi ya maphunziro, kwanu konko, monga mwa lamulo. Koma a ku ofesi angabe zinthu zimene anabweretsa okha? Aiwa. Ine Loweruka ndinali ku Chegutu kwa mwana wanga. Funsani mkuluyo kumene anali. Ine ndamufunsa, akungondiyang'ana."

*

Ivy anawapeza madala Obed kuseri kwa kanyumba kawo akukhoma chidebe chobooka. Anali aafupi, a mapewa otambalala, chala chimodzi chakumanzere chinatsala kumgodi. Anachoka ku Dedza mu 1951, ndipo kwawoko kunalibenso amene akanawazindikira. Kanyumba kameneko ndi mpapaya umodzi ndiwo unali mudzi wawo wonse.

Ivy anagwada pang'ono n'kupereka moni wa kwawo. Nyundo inaima.

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa Esime Chalo, wa ku Rimuka."

"Khala pansi, mwana wa Esime. Wabwera kudzandimanga?"

"Ndabwera kudzamva, agogo. Loweruka munali kuti?"

"Kumanda." Anayankha osaphethira. "Stefano anamwalira Lachinayi. Ine ndi iye tinatsika limodzi m'mgodi zaka makumi awiri. Ine ndiye mkulu wa adzukulu m'komboni muno. Tinayamba kukumba tambala atangolira, ndipo mdzukulu sachoka pamanda dothi lisanabwerere m'dzenje. Ndinasiya sukulu yopanda mlonda, eya, chimenecho ndikuvomera. Koma kuno tilibe abale, mwanangu. Tikapanda kuikana tokha, atiika ndani?"

"Komboni yonse inali komweko?"

"Yonse. Ngakhale agalu."

"Maliro ananyamulidwa pa chiyani?"

"Pa lole ya khonsolo. Inatula maliro kumanda, koma pobwerera tonse tinayenda pansi. Dalaivala anati yatha mafuta kapena chiyani, sitinamuonenso."

Ivy analemba. Mkuluyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka fodya. M'katimo munali tizitsulo khumi tokhomera manambala, ndi zitsekerero za mabotolo a kokakola zophwanthidwa bwino.

"Kumgodi munthu aliyense amakhala ndi kachitsulo ka nambala yake. Ukatsika umakasiya pa msomali, ukatuluka umakatenga. Kachitsulo kakatsala pa msomali, ndiye kuti munthu watsala pansi. Akapitawo ankati, aziko namba, aziko munthu, kutanthauza kuti popanda nambala palibe munthu. Ine chinthu chopanda nambala sindichikhulupirira. Madesiki aja atabwera, ndinakhoma chitsekerero pansi pa lililonse, kuyambira wani mpaka fote, ndi chilembo cha C, kutanthauza Chimutu. Kumene aliko, ali ndi manambala anga."

"Bwanji simunawauze ahedi?"

"Anandifunsa zimenezo? Anandifunsa kuti ndagulitsa kwa yani." Anatseka kachitiniko. "Koma ndaiwala. Si komboni yonse inapita. Alinesi anatsala. Ali m'chikuta."

*

Nyumba ya Alinesi inali kumapeto kwa mzere, khomo lake litayang'ana msewu wa kusukulu. Mwana anali wa masiku asanu ndi atatu, mchombo utangogwa kumene, ndipo Ivy anakhala pakhonde, monga ayenera kuchitira mlendo wochokera kutali. Alinesi analankhulira mkati, mawu ake aang'ono, oseka pafupipafupi ngati wopalamula.

"Ine ndinaona, asisi, koma sindinaone wakuba."

"Munaona chiyani?"

"Lole ya maliro. Anthu atangopita kumanda, inabwerera yokha, nsalu yofiira ili pepepe pagalasi. Inakhota kusukulu. Amuna awiri ndi dalaivala anakweza madesiki."

"Simunakuwe?"

"Ndikuwe chifukwa chiyani? Pamaliro paliponse timabwereka mipando kusukulu kuti akuluakulu akhalepo. Ndinati akupititsa kusiwa. Ndiponso galimoto yomanga nsalu yofiira amaiimitsa ndani? Ngakhale apolisi pamsewu amavula chipewa."

Ivy anatsamira kukhomo. "Nanga kusiwako madesikiwo anafika?"

Kuseka kuja kunatha. Kunamveka kamwana kakuyamwa. "Bambo a mwanayu anabwera akudandaula kuti buluku lawo la kutchalitchi lada, ati anthu onse anakhala pa masaka a feteleza. Ndinaganiza, koma ndinati ndine ndani ine. Mwamuna wanga ndi wa kontirakiti, asisi, akhoza kumuchotsa mawa."

"Dzina lanu sindilitchula. Loleyo anaipempha ndani?"

"Sitinapemphe. Anatumiza okha bambo aja a maphunziro, bambo Chalo. Atangomva za maliro anati, wakwathu sangapite kumanda pa ngolo. Munthu wabwino zedi. Mukuwadziwa?"

Ivy anatseka kope lake. Ankawadziwa. Augustine Chalo, mkulu wa nthambi ya maphunziro ku khonsolo, anali mchimwene wa amayi ake.

*

Sanapite ku ofesi Lachitatu. Anakwera basi ya ku Chegutu n'kuyenda pansi mpaka ku Chinengundu, akukangana yekha njira yonse. Amalume ake ndiwo anamutenga bambo ake atamwalira. Ndiwo anamugulira yunifolomu yoyamba, ndiwo anamuperekeza ku koleji atanyamula sutikesi paphewa, ndipo amayi ake mpaka lero sankagula ngakhale mbuzi osawafunsa. Munthu wotero angabe madesiki a ana? Dalaivala ndiye wakuba, anatero mumtima. Ankafunitsitsa kuti akhale dalaivala, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti akufunitsitsa.

Esau, dalaivala wa loleyo, anali pa tchuthi cha tsiku limodzi. Anamupeza atavula malaya, akumanga khola la nkhuku ndi waya. Anali wa makolo a ku Mozambique, Chichewa ankachimva chonse koma poyankha ankathawira ku Chishona akafuna kubisala.

"Sisi Ivy! Mwasochera? Khonsolo yayamba kuyendera madalaivala m'makomo?"

"Loweruka mutatula maliro kumanda, munapita kuti, achimwene?"

"Ini? Ndinaimika lole pansi pa mtengo, n'kugona. Maliro a anthu anu amatalika, munthu mpaka kumera ndevu."

"Anthu anabwerera wapansi."

"Mafuta anachepa. Ndinapita kukafuna dizilo."

"Ndiye munagona, kapena munapita kukafuna dizilo?"

Esau anaseka, kuseka kwa mano okha. "Zonse ziwiri. Munthu sangagone kenako n'kudzuka?"

Nkhuku zisanu zakumudzi zinali zitamangidwa miyendo pamthunzi. Ivy anaziyang'ana, n'kutembenukira kwa mkazi wa Esau, amene ankasenda mbatata pakhomo. "Nkhuku zonenepa bwanji, mayi. Mumagula kuti zoterezi? Kuno ku Chegutu sindiziona."

"Kuno zingapezeke?" anatero mayiyo mokondwa. "Anabwera nazo bambowa Loweruka, kuchokera njira ya ku Sanyati. Kumeneko n'zotchipa."

Waya unagwa m'manja mwa Esau. Anayang'ana mkazi wake, mkaziyo anayang'ana mbatata.

"Manda a kwa Chimutu asamukira ku Sanyati?" anafunsa Ivy.

"Sisi, ine ndine wa basa, wantchito chabe. Ndikauzidwa nyamula, ndimanyamula. Ndili ndi ana anayi."

"Madala Obed alibe ngakhale mmodzi woti n'kukawasunga. Lachisanu akugona kupolisi."

Esau anatola waya uja n'kuupinda, n'kuuwongola, n'kuupindanso. Atalankhula, chinali Chichewa chosasakaniza. "Anati ndi kubwereka chabe. Anati Loweruka likubwerali tibweza, palibe adziwe, chifukwa ahedi akadandaula adzadandaula kwa iwo omwe. Sanadziwe kuti mayi aja akumana ndi wapampando pageti. Ine sindinatchule dzina la munthu, mwamva? Kiyi sindinathyole, ndinapatsidwa."

"Madesikiwo ali kuti?"

"Mawa komiti yanu ikupita kukayendera chiyani?"

Ivy sanafunikire kutsegula kope. Kalata yoitana makhansala anailemba yekha. Lachinayi, komiti ikaona madesiki makumi anayi atsopano pa sukulu ya kumidzi yatsopano, njira ya ku Sanyati.

*

Tsopano zonse zinagwirizana, ndipo Ivy akanakonda zikanapanda kugwirizana. Monga kalaliki, ankadziwa kuti khonsolo inalamula madesiki makumi asanu ndi atatu, a sukulu ziwiri. Anakhomedwa makumi anayi okha, enawo anadyedwa asanabadwe. Makhansala amayendera sukulu tsiku limene auzidwa, amawerenga zimene aonetsedwa, amadya nkhuku, n'kubwerera. Choncho madesiki omwewo akanatha kuwomberedwa m'manja kawiri. Chimene chinkafunika ndi tsiku loti kwa Chimutu kukhale kopanda maso, ndipo wodziwa kuti maliro a Mmalawi amasesa komboni yonse, mlonda ndi agalu omwe, anayenera kukhala Mmalawi mnzawo.

Lachinayi ananyamuka ndi galimoto ziwiri. Msewu unali wafumbi, minda ya thonje ili yapululu kudikira mvula. Ivy anakhala kumbuyo pakati pa makhansala awiri onenepa, akuyang'ana khosi la amalume ake pampando wakutsogolo. Iwo ankafotokozera wapampando za mayeso, za aphunzitsi osowa nyumba, mawu awo odekha aja amene ankachititsa aliyense kumva kuti zinthu zili m'manja abwino.

Sukuluyo inali ya makalasi awiri a njerwa zosapaka. Ana anaimba nyimbo yolandira alendo, makolo analuluta. Makhansala akupatsidwa madzi osamba m'manja, bambo Chalo anamukodola Ivy, n'kupita naye kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ndamva unali ku Chinengundu dzulo."

"Ndinali konko, amalume."

"Esau ndi chidakwa."

"Sanamwe dzulo."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Popanda magalasiwo nkhope yawo inali ya amayi ake yeniyeni, ndipo Ivy anayang'ana kumbali.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kalipentala anandigwiritsa fuwa lamoto, ndi nkhani yaitali, ndikufotokozera kunyumba. Loweruka madesiki abwerera. Tidzati apezeka m'tchire, akuba anawataya."

"Ndiye madala Obed?"

"Agona masiku awiri atatu, atuluka. Ntchito yokha ndiye yatha, poti anasiyadi sukulu yopanda mlonda. Ndi wokalamba kale, Ivy."

"Nyumba ija ndi ya ntchito. Akapita kuti?"

"Ndidzaona chochita."

"Anapita kukakumba manda a mnzawo. Inu munatumiza lole, anthu akukudalitsani mpaka lero."

"Usandiphunzitse za maliro, iwe!" Mawu anakwera, kenako anawatsitsa msanga. "Ukudziwa zimene ndinapirira kuti ndikhale pampando uwu? Zaka makumi awiri akunditcha Munyasarandi kumbuyo, kundinyoza kuti ndine mlendo wa ku Malawi. Ndikagwa ine, sadzati Chalo waba. Adzati anthu aja ndi akuba, ndipo iwenso udzatuluka nane. Chibale n'fupa, sichiola. Ganiza za amayi ako."

Anavala magalasi n'kubwerera kwa alendo, akumwetulira asanafike n'komwe. Ivy anatsala atagwira thanki yotenthayo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsikulo anamvetsa kuti amene ananena mawuwo anali atagwira mwala m'manja, akulira. Ankawakonda amalume ake. Ankawaopanso, ndipo zimene ananena za Amalawi sizinali zabodza.

M'kalasi munali fungo la vanishi watsopano. Wina anali atapaka madesikiwo dzulo lake kuti awale. Ana anakhala awiriawiri, manja pamwamba, akunyadira ngati akwera ndege. Wapampando anayenda m'mizere akuwerenga mokweza, makhansala akuvomereza pambuyo pake.

"Fote!" anatero. "Bambo Chalo, nthambi yanu ikugwira ntchito. Kalaliki, lemba kuti komiti yaona ndipo yakhutira."

Ivy anatsegula kope. Cholembera chinakhudza pepala koma sichinayende. Pafupi naye panali desiki la kutsogolo, pamene panakhala atsikana awiri ometa mpala. Analowetsa dzanja pansi pake, mwina akupemphera kuti asapeze kanthu. Zala zake zinakhudza thabwa lokhakhala, msomali, kenako kachitsulo kozungulira ka mano m'mbali.

"Ivy," anatero amalume ake m'Chichewa, motsitsa, ngati akumuitanira tiyi. "Lemba zimene wauzidwa."

"Tadzukani pang'ono, ana inu," anatero Ivy.

Atsikanawo anadzuka. Ivy anagwira desikilo n'kuligadabuza, miyendo m'mwamba. Linagunda simenti mwaphokoso. Chitsekerero chofiira chinali pakati pa thabwa, chokhomedwa mowongoka bwino.

"Wapampando, tawerengani apa."

Wapampando anawerama, akugwira bondo. "C, seventini. N'chiyani chimenechi?"

"C ndi Chimutu. Anakhoma ndi mlonda uja mukufuna kumupereka kupolisi mawa. Akuti chinthu chopanda nambala sachikhulupirira. Pansi pa desiki lililonse muno pali chimodzi, kuyambira wani mpaka fote. Awa ndi madesiki amene munawawombera m'manja mu Febuluwale."

Wapampando anawongoka pang'onopang'ono. Sanayang'ane Ivy, anayang'ana bambo Chalo. Kenako anauza ana kuti agadabuze madesiki onse. Anawo anayesa ndi masewera, anathamangirana, ndipo kalasi inadzaza ndi phokoso la matabwa ndi timawu tikufuula manambala. Twente-thu! Naini! Sate-foo! Makolo anadzazana m'mawindo. Khansala wina amene anawerenga nawo madesiki omwewa kwa Chimutu anatuluka panja, ati kukafuna mphepo.

Phokoso litatha, mmodzi wa atsikana ometa mpala aja anakoka Ivy siketi. "Ndiye muwatenga?" anafunsa m'Chishona. Ivy anayang'ana madesiki ogadabuzikawo. Madesiki anali makumi anayi, sukulu zinali ziwiri, ndipo Lolemba ana ena akhala pansi basi.

"Kalaliki," anatero wapampando, mawu atauma, "fufuta za mlonda pa nkhani za mawa. Ulembepo dzina lina. Ukulidziwa kalembedwe kake."

Ankalidziwa. Linali dzina limene linasainidwa pa malipoti ake onse a kusukulu, pamzere wa kholo. Analilemba.

Bambo Chalo sanakane kanthu. Anatola chikwama chawo, anakonza tayi, n'kuyenda kulowera kukhomo pakati pa miyendo ya madesiki. Atafika pamene panali Ivy anaima, osamuyang'ana.

"Amayi ako akundidikira Lamulungu kudzadya nawo," anatero. "Ukawauze wekha chifukwa chimene sindibwera."